Azakhali: Uvuni wamagetsi sazira ngati khonde

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi woumba mbiya ndi makapu kuno ku Golomoti. Alongo anga a ku Joni anditumizira uvuni wamagetsi watsopano, wa walanti ya chaka chimodzi. Tsono bambo akunyumba akuti tiupake mkati monse laimu wosakaniza ndi dothi kuti njerwa zake zisang'aluke. Ndivomere?

Wothedwa nzeru, Golomoti

Mwana wanga,

Ha! Akamwini angawo za magetsi anaphunzira liti? Munthu woti babu ikapsa amaitana mwana wa aneba, lero wasanduka injiniya! Uwalande bulashiyo lero lomwe, uwapatse khasu.

Chopaka mu uvuni chilipodi, koma si laimu. Moto ukafika madigiri 1,200, laimu amayamba kudya njerwa zofewa zija m'malo moziteteza. Chenicheni amasakaniza dothi loyera la kaolin, longa lija limapezeka ku Linthipe, ndi ufa wa alumina, theka ndi theka, n'kuthira madzi mpaka chikhale chamadzimadzi. Umapaka pamwamba pa mashelefu ndi pansi pa uvuni basi, mopyapyala, kawiri kapena katatu, uku ukudikira chiume kaye. Ntchito yake ndi imodzi: mankhwala owalitsa makapu aja akasungunuka n'kudontha, asamatirire pa shelefu. Apo ayi udzagoba kapu ndi tchizulo, n'kuswa kapu ndi shelefu yomwe, kenako uzidzati anakulodza a ku Mtakataka.

M'makoma, kuchivundikiro ndi kunsi kwa mashelefu usayerekeze. Chikauma chimakanganuka, nyenyeswa zake n'kugwera m'makapu ako owala aja. Choopsa kwambiri ndi makoyilo amene agona m'timizere ta m'khoma. Wayayo ndi wa chitsulo chosakaniza ndi chromium ndi aluminium, ndipo akatenthedwa amadzipangira yekha kakhungu kotuwa komuteteza. Kadontho ka chopaka kakagwerapo, pamenepo pamapsa mpaka waya kuduka. Uvuni zii, makapu osapsa, iwe misozi mbwembwembwe.

Tsono za walanti. Pepalalo si loyalira mandasi, uliwerenge. Makampani ambiri amakana kukonza uvuni umene mwini wake wausintha kapena kuupaka zimene iwo sanalamule, ndipo kawirikawiri makoyilo sawawerengera n'komwe mu walanti, poti amatha ndi ntchito. Ngakhale mankhwala ogula kusitolo amene amati amatalikitsa moyo wa njerwa, uyambe wafunsa amene anagulitsa uvuniwo, akuyankhe molemba, ngakhale pa WhatsApp. Za pakamwa zimathera pa foni pomwepo. Lisiti usunge, uvuniwo uujambule mkati usanauyatse.

Komanso usanyadire kuti ku Golomoti kuli sola ya mamegawati 20 ija inayamba mu 2022. Imeneyo siikulitsa waya wa m'nyumba mwako. Uitane wa zamagetsi wa ziphaso aone ngati mawaya angapirire, osati akamwini ndi selotepi yawo.

Ukapeza ya basi, ukwere msewu wa Khwekhwerere ukafike ku Dedza Pottery, kumene akhala akuwotcha makapu ndi mbale chiyambire 1987, ukaone ndi maso ako mashelefu opakidwa bwino. Bambowo uwatenge, koma manja akhale m'thumba. Ngati laimu wagulidwa kale, akapake chimbudzi.

Ndine Azakhali ako