ZA ANTHU ANAI AJA ONYAMULA MPHASA

Phunziro la mwezi uno tilitenga m'Uthenga Wabwino wa Marko, mutu 2, ndime 1 kufikira 12, ndipo tipempha kuti pamudzi pali ponse wodziwa kuwerenga ayambe wawerengera anzache ndimezo. M'menemo timva za munthu wopuwala wa ku Kapernao, amene anzache anai anamtenga ndi mphasa yache yomwe, ndipo pakuona kuti pakhomo padzala anthu, anakwera naye pamwamba pa nyumba, nabowolapo, namtsitsira kumene kunali Ambuye. Mlembi sanalemba maina a anai aja. Sanali atumwi, sanali ansembe, sanali asing'anga. Koma atiuza kuti chimene Ambuye anayamba kuchipenya ndicho chikhulupiriro chao cha onyamulawo.

Ife a m'dziko la mfumu Chowe, kuyambira kumapiri kumene mseu ukwera kunka ku Namwera kufikira kumchenga wa ku Malindi, nkhani ya kunyamula siiri yachilendo kwa ife. Sitima ya Chauncy Maples, imene inatchedwa dzina la Bishopu uja anamira m'nyanja m'chaka cha 1895, inapangidwa ku Glasgow, nidza kuno zidutswa-zidutswa. Ndipo polambalala mathithi a Shire zitsulozo zinayenda pa mitu ndi mapewa a amtengatenga, amene maina ao sanakumbukike, monga a anai aja. Inalowa m'madzi m'chaka cha 1901, ndipo zaka zambiri inayenda ndi ansembe, aphunzitsi ndi mankhwala m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Koma sitima siikhalitsa padooko. Ikaomba lipenga nichoka, wodwala anatsala ndi yani? Anatsala ndi Akristu wamba a pamudzi pomwepo, otunga madzi ndi ophika phala.

Lero sitimayo siichitanso nchito ija. Tiri nacho chipatala cha St Martin ku Malindi, ndi cha Boma ku Mangochi tsidya la mlatho, ndipo tiyamika. Koma yense amene anagonekedwapo adziwa kuti dokotala apatsa mankhwala, namwino abaya jekeseni, koma wochapa nsaru, wophika ku khichini la odikirira odwala, wogwiriza munthu popita kuseri usiku, ndiye mbale wache amene anthu amtcha gadiyani. Tsono tifunsane: mu mpingo mwathu ndani alibe gadiyani? Alipo mkamwini wochokera kutali, amene abale ache a kuchimuna ndi a kuchikazi ali ku Ntcheu kapena ku Mulanje. Alipo mai amene mwamuna wache anapita ku Johannesburg zaka zinai zapitazo, natumiza ndalama mwakamodzi-kamodzi. Alipo wamasiye amene ana ache onse ali ku Blantyre. Alipo ndi uja anabatizidwa yekha pa mtundu wache wonse. Amenewa ngati mpingo suwanyamula, mphasa yao ikhala pansi.

Apa tiyenera kuulula mlandu wathu. Panali mai wina wokalamba wa mpingo wathu amene anagwa ndi nthenda yakufa ziwalo mbali imodzi. Sabata loyamba tinapitako khamu lalikuru, tinayimba, tinapemphera, nyumba inachepa. Tinabwerako okondwa ndi ife eni. Sabata lachiwiri anapita atatu. Pofika mwezi wachitatu ife tomwe tilemba mau awa tinadzera kumeneko pa ulendo wina, ndipo tinapeza mtsuko wodzala, pabwalo posesa, maiyo atasamba. Pofunsa kuti ndani mwa akazi a mpingo achita ichi, anatiyankha mosatidzudzula konse kuti ndi mnansi wache wa Chisilamu, amene m'mawa uli wonse asanapite kumunda ayamba wadzera kwa iye. Tinachita manyazi, ndipo tiyesa kuti anali manyazi oyenera. Kuno Asilamu achuruka koposa ife, ndipo atipenya. Sawerenga mabuku athu, koma aona bwino lomwe amene alowa m'nyumba ya wodwala mwezi wachitatu.

Pakuti nthenda zambiri zotisautsa masiku ano nzazitali. Mankhwala a chifuwa chachikuru amwedwa miyezi 6, ndipo woleka pakati chifukwa ayamba kupeza bwino aiutsanso nthenda yoposa yoyambayo. Mankhwala otalikitsa moyo, amene Boma linayamba kugawa kwaulere m'chaka cha 2004, amwedwa tsiku ndi tsiku moyo wonse. Ndipo m'mwezi wa February, nkhokwe zitatha, kuwamwa m'mimba muli zii kubvuta ndithu. Mbale wodza ndi kambale ka ufa ndi usipa pang'ono, nafunsa mwaulemu ngati tsiku lakukatenga mankhwala layandikira, nabwereka njinga yache, ameneyo wagwira ngondya imodzi ya mphasa. Zina nzofulumira. Kolera imene inabuka m'chaka cha 2022 nifikira 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, ndipo boma lathu la Mangochi linali mwa osautsidwa koposa. Nthenda imeneyo itha kupha munthu tsiku lomwelo pomtsiriza madzi m'thupi. Mkristu yense adziwe ichi: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere; mummwetse pang'ono-pang'ono muli pa njira yomka naye kuchipatala. Musadikire kuti kuche, ndipo musadikire mphunzitsi kuti adzayambe wapemphera, pempherani mukuyenda.

Za mau olankhula kwa wodwala tinena pang'ono. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 aja anakhala naye pansi osanena kanthu. Analakwa pamene anatsegula pakamwa kufuna-funa tchimo limene linamdzetsera tsoka. Chomwecho ife tisalowe m'nyumba ya wodwala ndi funso lakuti wakulodzani ndani, kapena munachimwa chiani. Tisamsimbire za ena amene anafa ndi nthenda yomweyo. Ndipo chimene tachiona m'nyumbamo chisatuluke nafe kunka kudooko kapena kuchitsime. Ambiri abisa nthenda zao kufikira kufa chifukwa aopa malilime a Akristu anzao. Timuuze za kumunda, za ana a sukulu, za mau amene analalikidwa la Mulungu, ndi kuti malo ache pa benchi tiwaona ali opanda munthu.

Amai a Mothers' Union, bungwe lija analiyamba Mary Sumner ku England m'chaka cha 1876, agwira nchito iyi mokhulupirika, ndipo amuna ambiri ayesa kuti potero iwo amasuka. Iai, abale. Denga lodontha la wamasiye lifuna udzu ndi luzi mvula isanadze. Mwamuna wodwala achita manyazi kusambitsidwa ndi akazi. Munda wache ufuna khasu nthawi ya kupalira, ndipo bwato lache lifuna wolikokera kumtunda.

Chifukwa chache tipempha akulu a mipingo yonse ya m'dera lino kuti la Mulungu likudzali, mapemphero atatha, anthu asabalalike msanga. Mutchule maina a iwo amene sanaoneka masabata atatu. Pa dzina liri lonse musankhe anthu anai, amuna awiri ndi akazi awiri ngati kutheka, yense ndi tsiku lache la m'sabata, ndipo mphunzitsi alembe m'buku. Pakutha miyezi itatu bukulo litsegulidwenso pamaso pa onse.