Usaphwasule nkhokwe yakale usanawerenge matumba

Mphwanga, akupatsa ntchito yosamutsa mayina a mamembala a SACCO kapena a alimi a nzimbe ku Nchalo kuchoka mu MySQL kupita mu PostgreSQL. Wauza abwana kuti uyamba Lachisanu madzulo, pofika Lolemba zonse zikhala m'malo. Takhala pansi kaye.

Banki ya TSB ya ku Britain inadalira masiku omwewo. Kuyambira pa 20 mpaka 22 Epulo 2018 inasamutsa makasitomala oposa 5 miliyoni kuchoka pa makina a Lloyds kupita pa makina a Sabadell, eni ake atsopano a ku Spain. Kutacha, anthu pafupifupi 1.9 miliyoni analephera kulowa m'maakaunti awo, ena n'kumaona ndalama za anthu osawadziwa. Mkulu wa bankiyo, Paul Pester, anatula pansi udindo mu Seputembala, ndipo mu Disembala 2022 banki inalamulidwa kulipira chindapusa cha mapaundi 48.65 miliyoni.

Panalakwika pati? Makina atsopano anali pa malo awiri, koma poyesa ngati angasenze anthu ambiri nthawi imodzi anayesa malo amodzi okha. Kenako anasamutsa pafupifupi aliyense kamodzin'kamodzi, ndipo zitavuta njira yobwerera kunalibe. Amenewa anali akatswiri, ndalama ali nazo. Nanga iwe, uli wekha ndi laputopu ku Bangula, magetsi akuthimathima, wayesa kangati?

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti zolakwika zambiri sizikuwa. Kompyuta ilemba kuti zatheka, iwe n'kupita kukagona. MySQL yakale inkalola deti la 0000-00-00 kwa agogo osadziwa tsiku lobadwa. PostgreSQL imalikana, ndipo ngati pulogalamu yako imangolumpha mzere wokanidwa, agogowo atsala panjira. Kwa MySQL nthawi zambiri "BANDA" ndi "Banda" ndi munthu mmodzi, koma PostgreSQL imawasiyanitsa. Chilembo cha ŵ chimatha kusanduka tizizindikiro tosawerengeka. Nambala ya foni ukaiika m'danga la manambala, ziro woyamba uja amagwa, ndiye ndalama za pa Mpamba kapena Airtel Money zipita kwa yani? Ukaiwala kukonza sequence yopereka manambala a mamembala, membala woyamba kulembetsa Lolemba apatsidwa nambala ya munthu wina, makina n'kumukana.

Wawerenga mizere ya tebulo lililonse mbali zonse ziwiri? Waphatikiza masheya ndi ngongole n'kuona kuti zikufanana mpaka tambala? Backup yomwe ukuinyadirayo, unayesapo kuibwezeretsa pa kompyuta ina? Nanga ili kuti? Ngati ili mu ofesi momwemo, kumbuka madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023.

Ukamva mawu akuti "tikonza tikasamuka", kapena tsiku losamukira lasankhidwa chifukwa kukubwera alendo ochokera ku Lilongwe, kana, ngakhale abwana akwiye. Yeserera kusamukako kawiri kapena katatu pa kope, msungichuma ali pambali pako ndi mabuku ake. Nkhokwe yakale ya MySQL uyitseke kuti pasalembedwenso kanthu, koma usaifufute mpaka mwezi utatha ndipo maakaunti agwirizana.

Lolemba lija kudzabwera mayi wochokera ku Makhanga, atawoloka Shire pa bwato, kabuku kake kali m'manja, kudzatenga ndalama ya fizi ya mwana. Dzina lake likapanda kupezeka, udzawauza chiyani mayiwo?