Azakhali: Mwana Wanga Akaona Buku Amayamba Kusinza

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25. Dandaulo langa lili pa mwana wanga wachiwiri, mnyamata wa zaka 10 yemwe ali Sitandade 4. Mwanayu zowerenga safuna n'komwe. Ndinamugulira mabuku a Chingerezi okwera mtengo, ndimamulipirira patitayimu, ndayesa kumukalipira, kumuletsa mpira, nthawi zina mpaka kumuthyolera kamtengo. Koma akangotsegula buku amayamba kuyasamula, kenako akuti mutu ukumupweteka. Foni yanga yokha ndiye akhoza kuchezera nayo usiku wonse. Bambo ake akuti umbuli umenewu watengera kwathu. Ndichitenji, Azakhali?

Mayi wodandaula, Lilongwe

Mwanawe,

Ndisanayambe kumuzenga mlandu mnyamatayo, ndili ndi kafunso kako. Iweyo buku unaliwerenga liti komaliza? Usafulumire kuyankha, ndipo mauthenga a pa gulu la WhatsApp la banki m'khonde sindikuwawerengera. Nanga bambo akewo, amene akuloza chala kwanu, mwanayo anawaonapo atagwira pepala lina lililonse kupatula kalisiti ka mayunitsi a magetsi?

Madzulo a m'nyumba zambiri ndimawadziwa. Mwatha kudya, mbale zili m'beseni. Bambo ali pa sofa akukangana pa Facebook ndi anthu osawadziwa za Bullets ndi Manoma, iwe uli pamkeka ukuseka wekha ndi timakanema ta pafoni. Kenako mmodzi wa inu amadzutsa mutu n'kukuwa kuti, "Iwe, ukudikira chiyani? Kawerenge!" Mwana amanyamuka akukoka miyendo, kukakhala yekha kuchipinda, pomwe phwete lonse latsala pabalaza. Mwanayu si wopusa, mwanawe. Waona yekha kuti chokoma n'chimene akuluakulu agwira m'manja, ndipo buku ndi la munthu amene wapirikitsidwa pagulu. Make mbuu, mwana mbuu. Pano ndiwonjezere kuti bambo akenso mbuu, ndipo ukawauze kuti wanena ndine.

Ndiye pali kamtengo kaja. Unkaganiza kuti ukamukwapula adzalikonda buku? Chimene waphunzira n'choti buku likatuluka, misozi ili pafupi. Akalakwa kusukulu, kawerenge. Akaswa kapu, kawerenge. Akachedwa kumpira, kawerenge. Buku lasanduka chilango cha mlandu uliwonse m'nyumba mwako, ndiye ukudabwa kuti mutu ukumupweteka? Ukumupwetekadi, sakunama.

Basi, ndakukalipira mokwanira. Pukuta nkhope. Mayi amene amadzimana n'kugulira mwana mabuku pa nthawi ino ya kukwera mitengo kwa zinthu ndi mayi wachikondi, ndipo zaka 10 si mochedwa. Kungoti unayambira kudenga nyumba isanakhale ndi maziko.

Choyamba, fufuza ngati mwanayo amathadi kuwerenga. Usadabwe ndi funsoli. Kufika Sitandade 4 sikutanthauza kuti amatha. Chiyambire mu 1994 pamene pulayimale inakhala yaulere, makalasi oyambirira m'sukulu zambiri za boma amadzaza moti ena amakhala ndi ana oposa 100 pamaso pa mphunzitsi mmodzi. Mwana wochenjera amangotsatira pakamwa pa anzake, kalasi ikamawerenga mokweza iye n'kumayankhira limodzi, chaka n'kutha osagwidwa. Ana ambiri amene timawanena kuti ndi aulesi amakhala akubisa manyazi. Kwa mwana, kutchedwa waulesi n'kwabwinoko kusiyana n'kutchedwa mbuli.

Tsono tsiku lina muli awiriwiri, bambo ake ndi abale ake kulibe, mupatse kankhani kachichewa kamene sanakaonepo, ngakhale ka m'nyuzi, mu Tikambe kapena Tamvani. Umuuze kuti maso ako atopa, akuwerengere. Iwe khala chete, uzisankha mpunga, makutu ali kwa iye. Kodi akudumpha mawu aatali? Akungolota mawu poona chilembo choyamba? Akafika kumapeto kwa chiganizo, akukumbukira chimene chinali koyamba? Akuyandikitsa pepala pamphuno kapena kutsinzinira? Ngati akutsinzinira, pita naye kuchipatala akamuyeze maso, chifukwa mwana amene zilembo zimamuvinira m'maso sangazikonde ngakhale utamulonjeza njinga. Ngati akupunthwa pa maphatikizo, pita ukaonane ndi aphunzitsi ake mwaulemu, osati ndi mkangano. Kuyambira mu 2016 sukulu za boma zili ndi ndondomeko ya National Reading Programme ya Sitandade 1 mpaka 4, imene imayambira pa maliwu a malembo, kenako maphatikizo, kenako mawu. Ufunse kuti mwana wako anatsalira pati, ndipo ngati angamalole kubwera ndi buku la m'kalasi kunyumba. Kubwerera ku ba, be, bi, bo, bu kwa milungu ingapo si chitonzo. Ife a nthawi ya buku la Sosa tinadutsa momwemo, ndipo onani lero tikulemba m'nyuzi.

Za mabuku a Chingerezi okwera mtengowo, ndikukayikira kuti ali mu kabati ya pabalaza, pambali pa mbale za alendo, akadali onunkhira kusitolo. Ndalakwitsa? Atulutse. Buku la mwana liyenera kukhala pamene dzanja lake lingafike, lipindike makona, lidonthere phala, ligone pansi pa pilo. Koma usayambire amenewo. Yambira pa Chichewa, chimene amalotera ndi kukanganira ndi anzake. Chichewa chimalembedwa momwe chimamvekera, choncho mwana akangogwira maphatikizo amayenda yekha, ndipo zimene akuwerenga akuzimva mumtima. Chingerezi chimamupatsa ntchito ziwiri nthawi imodzi, kutchula mawu ndi kufunafuna tanthauzo lake. Ndikudziwa mantha ako: mayeso a Sitandade 8 amafuna Chingerezi, ntchito zimafuna Chingerezi. Zoona. Koma mwana amene wazolowera kuwerenga m'chinenero chake amanyamula luso lomwelo popita ku Chingerezi. Amene sanalawepo kukoma kwa nkhani m'chinenero chilichonse amangoloweza manotsi, akalemba mayeso n'kutsanzikana ndi buku mpaka kalekale.

Tsopano mvetsera, chifukwa apa m'pamene pagona nkhani. Ukumbukira mmene unkamudyetsera phala ali khanda? Unkayamba walawa wekha, kunyambita milomo ngati wadya uchi, iye n'kuyasama. Ndi buku chitanso chimodzimodzi. Madzulo aliwonse, kwa mphindi 15 kapena 20 zokha, foni zonse zikhale patebulo chafufumimba, ya bambo yomwe, ndipo iwe uwawerengere ana onse atatu mokweza. Iwe, osati iye. Usamufunse mafunso ngati woyang'anira mayeso. Sintha mawu: Fisi alankhule mokokomeza, Kalulu alankhule mwamatama, mfumu ikhosomole isanagamule mlandu. Ukafika pamene zakoma kwambiri, pamene Kalulu wagwidwa mwendo, tseka buku n'kunena kuti, "Ndatopa, tipitiriza mawa." Adzadandaula. Aleke adandaule. Buku ulisiye poonekera. Tsiku lina udzamupeza ataliba, akufuna kudziwa yekha kuti zinatha bwanji. Ukadzamupeza, udzanamizire kuti sunaone. Ukangofuula kuti "Ee, lero ukuwerenga!" wawononga zonse.

Magetsi akazima usati pulogalamu yafa. Mdima ndiye bwalo la nthano. Iwe uyambe kuti "Padangokhala," iwo avomere kuti "Tili tonse," monga ankachitira agogo ako. Mwana amene khutu lake lazolowera nkhani yokhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero, akafika pa buku amakhala akudziwa kale chimene akusaka. Mawa lake tenga kope la masamba 40, umuuze akufotokozere nthano ija m'mawu ake, iwe uzilemba ndendende mmene akunenera, iye ajambule zithunzi, pachikuto alembepo dzina lake. Buku limenelo adzaliwerenga mpaka kuthothoka, adzawerengera mng'ono wake, adzawerengera ndi alendo omwe asanakhale pansi.

Akamawerenga yekha n'kupunthwa, luma lilime. Werenga chamumtima mpaka kasanu usanamuthandize, nthawi zambiri adzadzikonza yekha. Ndipo wamkuluyo umuchenjeze kuti kuseka mng'ono wake powerenga ndi mlandu waukulu kuposa kuba shuga. Mwana akasekedwa kamodzi pamaso pa anthu amatha chaka osafunanso kutsegula pakamwa.

Zowerenga zili ponseponse, sizidikira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Mukakwera minibasi yopita m'tauni, mpikisano ukhale wowerenga mayina a magolosale ndi mawu olembedwa kumbuyo kwa magalimoto. Pokagula zinthu, alembe ndi iye mndandanda ndipo akawerenge yekha pamsika. Kutchalitchi umupatse buku la nyimbo, chala chiziyenda pa mzere pamene mukuimba, chifukwa mawu amene akuwadziwa kale pamtima ndi osavuta kuwazindikira papepala. Foni imene akuikondayo igwire ntchito: uthenga wa agogo ukabwera, awerenge ndi iye, ayankhenso ndi iye, ndipo masewera a pafoni abwere nthawi yowerenga ikatha. Poti amakonda mpira, tsamba lakumapeto la nyuzi ndi lake. Bambo akewo, mmalo mokangana ndi anthu osawadziwa, amuuze mwana kuti, "Tandiwerengera, wagoletsa ndani dzulo?" Mnyamata wa zaka 10 akhoza kuwoloka mtsinje wodzaza kuti bambo ake amumvetsere kwa mphindi zisanu.

Uli ku Lilongwe, ndiye ulibe chowiringula pa za laibulale. National Library Service ilipo, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, likulu lake lili mumzinda wako womwewo, ndipo ili ndi nthambi ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena. Muli mbali ya ana, ndipo iwo omwe anasindikiza timabuku ta ana totchedwa Werengani. Kafunse za kalembetsedwe. Mukafika, umusiye asankhe yekha. Akatenga ka zithunzi zambiri ndi mawu ochepa, usakwinye nkhope kuti n'ka ana aang'ono. Akatenga komweko kachitatu, musiye. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usanyoze zithunzi, mwanawe. William Kamkwamba wa ku Kasungu anasiya sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake analibe fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale ya Wimbe, n'kupezako buku la Using Energy. Chingerezi chake chinali choperewera, moti ankadalira kwambiri zithunzi ndi zojambula kuti amve zimene bukulo likunena. Ali ndi zaka 14 anamanga makina oyendera mphepo opangira magetsi, pogwiritsa ntchito zitsulo zotola kudzala, njinga yakale ndi mitengo ya bulugamu, anthu akumunena kuti wapenga. Mbiri yake inatuluka m'buku mu 2009, n'kudzakhala filimu mu 2019. Panalibe amene anamuimirira ndi kamtengo, panalibenso mayeso amene ankamudikira. Anali ndi funso lake, ndipo anapeza kuti yankho lili m'buku. Sindikuti wakoyo adzamanga makina, mwina adzangomasula wailesi yanu n'kulephera kuibwezera. Koma fufuza chimene chimamudyetsa mutu, kaya ndi mpira, galimoto, njoka kapena ndege, umupezere chowerenga cha zimenezo.

Akayamba kuyenda bwino, mabuku athu akale akumudikira: Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga, ndipo akadzakulako Nthondo la Samuel Ntara, limene linatuluka mu 1933 koma likuwerengekabe. Ena umawapeza kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu ya m'tauni, ena ali m'masutikesi a abale ako akudyedwa ndi njenjete. Iweyo udzipezere Mkwatibwi Wokhumudwa la P.P. Litete, uziwerenga pabalaza chikuto chili poonekera. Mutu wokhawo bambo akewo akauona adzayamba kufunsa kuti muli zotani, ndipo posakhalitsa udzawapeza nawonso ataliba.

Sunanene zambiri za ana enawo, koma ndiponyeko mawu. Ngati pali mtsikana, samala. M'nyumba zambiri mnyamata akagwira buku amati akuphunzira, musamusokoneze, koma mtsikana akagwira buku amati wakhala chabe, n'kumutuma kukatsuka mapoto. Mtsikanayo amaphunzira msanga kuti kuwerenga n'kuba nthawi ya ntchito. Gawa ntchito zapakhomo mofanana, ndipo amene ali ndi buku m'manja, kaya ndi ndani, asatumidwe mpaka atamaliza tsamba.

Za patitayimu sindikuletsa, ngati ikumuthandiza. Koma mwana amene wachoka m'kalasi n'kulowa m'kalasi ina mpaka dzuwa kupendeka, akafika kunyumba thupi limafuna mpira, ndipo mpirawo usamulande. Mwana wothamanga masana amakhala pansi bwino madzulo.

Usayembekezere zodabwitsa sabata ino. Masiku ena adzakana, masiku ena wotopa udzakhala iwe, ndipo foni idzakuitana ndi mawu okoma. Limba mtima mpaka teremu ithe, kamtengo kaja ukasonkhezere moto. Loweruka lino pita naye ku laibulale, ndipo yankho langali upatse bambo ake awerenge mokweza pamaso pa ana. Teremu ikatha undilemberenso, undiuze buku limene mnyamatayo anasankha.

Ndine Azakhali ako