ZIMENE MNYAMATA APINDULA M'GULU LA MASIKAUTI

Mu mzinda wa Lilongwe, umene unakhala likulu la dziko la Malawi m'chaka cha 1975, muli msika wotchedwa Tsoka. Msikawu uli m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, ndipo anthu agulitsamo zovala za kaunjika, nsapato ndi zinthu zina zambiri. Tsidya lina la mtsinje kuli msika wa Lizulu, wa ndiwo zamasamba, mbatata ndi zipatso. Kwa zaka zambiri anthu akhala akuwoloka pakati pa misika iwiriyi pa maulalo a mitengo ndi matabwa, napereka kandalama kwa mwini ulalo.

Pamsika wotere sipasowa anyamata. Ena asenza katundu wa anthu, ena aitanira malonda, koma ena angoyendayenda opanda chochita. Otsirizawa ali pangozi, pakuti mnyamata wosowa ntchito ndi wosowa abwenzi abwino sachedwa kuphunzira kuba, njuga ndi chamba. Kuwongola mtengo mpoyamba. Chifukwa chake m'maiko ambiri akulu asonkhanitsa anyamata m'gulu lotchedwa Masikauti.

Woyambitsa gululi anali msilikali wa ku England, dzina lake Robert Baden-Powell. Pa nkhondo ya ku South Africa, m'zaka za 1899 ndi 1900, adani anamzinga m'mudzi wa Mafeking masiku 217. M'masiku amenewo anaona anyamata akutumikira monga amithenga, napereka makalata mosaopa, ndipo anazindikira kuti mwana akapatsidwa ntchito yeniyeni aigwira ndi mtima wonse. Tsono m'chaka cha 1907 anatenga anyamata 20, ana a olemera ndi ana a osauka pamodzi, nakagona nawo m'mahema pa chilumba cha Brownsea. Ndicho chiyambi cha Masikauti. Baden-Powell anamwalira m'chaka cha 1941 ku Nyeri, m'dziko la Kenya, ndipo manda ake ali komweko. M'dziko muno gululi linalipo kale m'masiku a Nyasaland. Pambuyo pake linazilala, koma linadzukanso, ndipo m'chaka cha 2005 Masikauti a ku Malawi analandiridwa m'bungwe la Masikauti a dziko lonse lapansi.

Nanga mnyamata apindulamo chiyani?

Choyamba, aphunzira kupenyetsetsa. Kutchire amphunzitsa kulondola mapazi a nyama, kudziwa njira poyang'ana dzuwa ndi nyenyezi, ndi kukumbukira zimene waona. Maso otere agwiranso ntchito pamsika. Mtsinje wa Lilongwe uchokera ku mapiri a Dzalanyama, ndipo mvula ikagwa kumtunda kumeneko madzi angathe kusefukira mumzinda ngakhale kuli dzuwa. Mnyamata wopenyetsetsa akaona madzi alikufiira ndi kutenga zinyalala, adziwa kuti chigumula chayandikira, nachenjeza amayi ochapa ndi ana osewera m'mbali mwa madzi. Akulu amati tsoka silinunkha. Koma kawirikawiri limaonetsa zizindikiro kwa iye amene anaphunzira kuziona.

Chachiwiri, manja ake aphunzira ntchito. Sikauti adziwa kumanga mfundo zosamasuka, kukoleza moto ndi nkhuni zochepa, kuphika nsima yake ndi kusoka malaya ake akang'ambika. Koposa zonsezi adziwa kuthandiza wovulala. Munthu akachekedwa ndi lata kapena botolo losweka, Sikauti atsindika bala ndi nsalu yoyera kufikira mwazi uleke, ndipo pambuyo pake amperekeza kuchipatala. Mpango umene avala m'khosi suli wokongoletsa chabe, pakuti angathe kumanga nawo bala kapena kukoleka nawo dzanja lothyoka. Munthu akagwa m'madzi akuya, Sikauti sayamba wadumphiramo, kuwopa kuti angamire onse awiri. Amtambasulira mtengo kapena kumponyera chingwe, naitana akulu.

Adziwanso za madzi akumwa. M'zaka za 2022 ndi 2023 nthenda ya kolera inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo nthendayi iyenda m'madzi ndi m'zakudya zodetsedwa. Kumsasa mnyamata azolowera kuwiritsa madzi, kukumba chimbudzi kutali ndi chitsime, ndi kusamba m'manja ndi sopo asanadye. Aphunziranso kuti wotsegula m'mimba ayenera kumwa madzi owiritsa okwana lita imodzi, osakaniza ndi timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere, ali pa ulendo wa kuchipatala. Nzeru yaing'ono imeneyi yapulumutsa ana ambiri.

Chachitatu, aphunzira kumvera ndi kutsogolera. Masikauti agawidwa m'timagulu ta anyamata 6 kapena 8, ndipo kagulu kalikonse kali ndi dzina la nyama kapena mbalame. Mtsogoleri wake ndi mnyamata mnzawo. Pomanga msasa wina atunga madzi, wina atola nkhuni, wina aimika hema. Mmodzi akachita ulesi, onse agona ndi njala. Pamenepo mnyamata aona ndi maso ake kuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo Mchewa, Myao, Mtumbuka ndi Mlomwe akadyera m'mbale imodzi, aleka kunyozana.

Chachinayi, ndicho chachikulu, akhala munthu wokhulupirika. Polowa m'gululi alonjeza pamaso pa anzake kuti adzatumikira Mulungu ndi dziko lake, ndi kuthandiza anthu nthawi zonse. Tsiku lililonse ayesa kuchitira munthu wina chabwino chimodzi osalandira mphotho, monga kuwolotsa nkhalamba pa ulalo, kapena kubweza mwana wosokera kwa amake. Wamalonda akamsiyira benchi la zovala, apeza ndalama zake zili zokwana. Mbiri yotere siigulidwa pamsika uliwonse, ndipo tsiku lofuna ntchito imtsogolera mwini wake.

Ana a kumudzi asayese kuti zinthu izi nza ana a mumzinda okha. Mnyamata woweta ng'ombe adziwa kale mitengo, mbalame ndi mapazi a nyama kuposa mnzake wa m'tauni. Chimene chimsowa ndicho kulongosola nzeruzo ndi kuzigwiritsa ntchito pothandiza anthu. Kumene kuli gulu la Masikauti, mnyamata apemphe makolo ake kuti alowemo. Kumene kulibe, apemphe aphunzitsi kuti amsonyeze mfundo zitatu ndi mamangidwe a bala, ndipo ayambe lero lomwe kuchitira wina chabwino chimodzi.

MAFUNSO

1. Kodi Baden-Powell anaphunzira chiyani kwa anyamata a ku Mafeking?
2. Tchulani ntchito ziwiri za mpango wa Sikauti.
3. Chifukwa ninji Sikauti sayamba wadumphira m'madzi populumutsa womira?
4. Fotokozani kakonzedwe ka madzi a munthu wotsegula m'mimba.