Phunziro: Mwana Wonyozedwa Pakati pa Anzake

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti m'Malawi muli anthu achialubino oposa 134,000. Ena mwa iwo ndi ana amene aphunzira m'masukulu athu kuyambira ku Namwera kufikira ku Monkey Bay. Kuyambira 2014 dziko lidamva mbiri yoopsa ya kubedwa ndi kuphedwa kwa abale athuwa, makamaka kwa anansi athu a ku Machinga. Tsono nkhanza zotere zimamera pa kanthu kooneka kakang'ono: mwana amene azolowera kuitana mnzake kuti "napwere" kapena "ndalama" waphunzira kale kumuyesa chinthu, osati munthu.

Choyamba, tiphunzitse ana zoona. Ualubino si temberero, ndipo supatsirana. Khungu la mwana wotere lisowa melanini, chimene chidetsa khungu, tsitsi ndi maso. Mwana autengera kwa bambo ndi kwa mayi onse awiri, ngakhale iwowo ali akuda. Kotero kuimba mlandu mayi yekha nkulakwa. Maso ake saona patali, ndipo dzuwa lathu lakunyanja lino lingamdwalitse khansa yapakhungu. Chipewa chake, malaya ake a manja aatali ndi mpando wake wakutsogolo m'kalasi ndizo chitetezo chake, ndipo wozilanda mwachipongwe amuika pangozi.

Chachiwiri, mwana wonyozedwa timumvere. Akayamba kukana sukulu, kudya pang'ono kapena kukhala yekhayekha, kholo limfunse mofatsa. Tisamuuze kuti angopirira kapena abwezere. Adziwe kuti mlandu suli wake, ayende ndi anzake okhulupirika, ndipo nkhaniyo ifike kwa mphunzitsi wamkulu. Pakakhala chiopsezo, ifike kwa amfumu ndi kupolisi.

Chachitatu, chifundo chiphunzitsidwa ngati pemphero, pang'onopang'ono. Inu akatekisiti, pofotokoza za Yosefe amene abale ake adamponya m'chitsime (Genesis 37), funsani ana a Tilitonse: kodi Yosefe adamva bwanji m'menemo? Rubeni adayesa kumpulumutsa. Nanga iwe mnzako akamasekedwa, uchita chiyani? Wonyozayo naye timlangize pambali, apepese ndi kukonza cholakwa chake, pakuti chikoti chingomphunzitsa kuti wamphamvu ndiye apambana.

Bungwe la United Nations lidapatula 13 Juni kukhala tsiku lokumbukira anthu achialubino, ndipo mu 2021 a Overstone Kondowe adakhala mwalubino woyamba kusankhidwa phungu wa Nyumba ya Malamulo ya Malawi. Mwana amene asekedwa lero pabwalo la sukulu angathe kufika komweko, tikamteteza. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso a m'mphakati: Kodi ndi maina otani achipongwe amene ana amva pakamwa pathu ife akulu? Ndi mwana uti m'mudzi mwathu amene ayenda yekha popita kusukulu, ndipo ndani adzamperekeza mawa?