Bwanji mbewu ya hayibulidi sitiibwereza?

Funso: Ndimagwira ntchito pa famu ina ku Mazowe. Chimanga cha makolo timasunga mbewu yake chaka ndi chaka, koma cha hayibulidi amati tizigula yatsopano. Kodi si chinyengo cha makampani chimenechi?

Yankho: Ayi bambo, nkhani ili m'majini, tinthu ta m'maselo timene timapatsira mwana chibadwa cha makolo ake. Taganizirani za SR52, mbewu imene inatulutsidwa mu 1960 ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, pa ntchito yomwe Harry Arnold anaiyamba mu 1932, Alan Rattray nkuipitiriza. Akatswiriwa anakwatitsa mitundu iwiri yokha, uliwonse atauberekanitsa wokhawokha kwa mibadwo ingapo. Mbewu yobadwa pamenepo imatenga theka kuno, theka uko, ndipo mphamvu ya kholo lina imaphimba kufooka kwa linzake. Nchifukwa chake munda umakula mofanana, zisononkho zili zonenepa. Mukadzalanso njere zake, majini aja amasakanikirana mwachisawawa, zofooka zobisika nkutulukira poyera: mapesi ena aatali, ena okwinimbira, zokolola nkutsika.

Zoti makampani amapindula nazo nzoona, ndipo mtengo umaluma. Koma kutsika kwa zokololaku sanakupange ndi iwo, ndiponso kupanga mbewuyi nkodula, poti ngayaye za mizere ya kholo lalikazi zimazulidwa zisanayambe kuwaza mungu. Ngati ndalama zavuta, funsani alangizi za mbewu ngati ZM521, yochokera ku bungwe la CIMMYT, imene mungaibwereze nyengo ziwiri kapena zitatu mukaidzala patali ndi chimanga china.