Alamu akufuna kulowa m'bizinesi yanga ya chiponde

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu. Ndimasinja chiponde n'kumagulitsa kuno ku Lunzu, ndipo makasitomala achuluka. Mwini golosale ina wati azidzandioda ndikakhala ndi mapepala. Alamu anga, akulu awo a amuna anga, akufuna kuikapo ndalama yogulira makina kuti tizigawana phindu. Nditatchula zolemberana anakwiya, amvekere: "Pachibale timalemberana?" Amuna anga angoti zii. Ndiyambire pati?

Wothedwa nzeru, Lunzu

Mayi,

Yambirani pa alamu anuwo, za kuboma zibwere pambuyo. Afunseni mwaulemu, amuna anu ali pomwepo: ndalamayi ndi ngongole, kapena akugula gawo? Ngati ndi ngongole, lembani kuchuluka kwake ndi tsiku lobweza, basi. Ngati ndi gawo, dziwani kuti ngongole imene iwo angatenge m'dzina la bizinesi idzakhala yanunso, ndipo okongoza akhoza kufika mpaka pa katundu wa m'nyumba mwanu.

Ndiye lembani zonse. Ndani wabweretsa chiyani? Luso lanu ndi makasitomala amene munawapeza nokha ndi mpamba ndithu, musalole kuti ziwerengedwe ngati zaulere. Phindu muzigawana liti? Makinawo adzakhala a yani wina akatuluka, kapena akamwalira? Funso lomalizali limaoneka ngati kulodza, komatu tonse tinaonapo akuchimuna akuwerenga katundu maliro asanaikidwe. Musainirane pamaso pa mboni ziwiri, aliyense asunge pepala lake. Akakanitsitsa, athokozeni, ndalamayo musalandire. Makina mudzagula pang'onopang'ono ndi banki m'khonde.

Mukatero, kalembetseni dzina la bizinesi ku ofesi ya Registrar General mutatenga chiphaso chanu cha unzika. Masiku ano zimathekanso pa intaneti. Onetsetsani kuti dzina lanu lilipo pasatifiketi, musatume munthu kuti "akakulembetsereni." Ndi satifiketiyo, katengeni nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA, pakuti masitolo akuluakulu saoda kwa munthu wopanda nambalayi. Laisensi yochitira malonda imachokera kukhonsolo, ndipo inu a ku Lunzu muli pansi pa khonsolo ya boma la Blantyre, osati ya mzinda. Paliponse pamene mwalipira, funsani lisiti.

Poti chanu n'chakudya, a zaumoyo adzafuna kuona malo amene mumapangira, ndipo a Malawi Bureau of Standards ndiwo amayeza chiponde chisanayenere kukhala pashelefu. Chimene chimagwetsa ambiri ndi chuku: mtedza wosauma bwino, kapena wonyowetsedwa kuti usendeke msanga, umakhala ndi poizoni wosaoneka ndi maso. Sankhani mtedza nokha, wofota ndi wowola mutaye.

Ndalama ya chiponde ikhale ndi akaunti yakeyake, ngakhale ya Mpamba kapena Airtel Money, yosiyana ndi ya ndiwo. Amuna anu muwauze usiku uno kuti kwa akulu awo mupitire limodzi, ndipo mawu oyamba akayankhule amuna anuwo.

Azakhali